Ndinakhalapo bankrupt, kodi nditha kumupatsa mwana wanga dipoziti ya nyumba?

MayiWaAwiri

Abale ndithandizeni maganizo, nkhaniyi yandisowetsa tulo masiku atatu tsopano. Ndimakhala ku England kuno. Mwana wanga wachisamba, wamkazi, wapeza nyumba yoti agule limodzi ndi mnyamata amene ali naye pa ubwenzi, kanyumba ka zipinda ziwiri basi koma kwa iwo ndi poyambira, banki yavomera kuwabwereka koma dipoziti ikuperewera. Ine ndili ndi £20,000 imene ndakhala ndikusunga pang'onopang'ono, ina ndi ya maovataimu a mashifiti a usiku ina ndinatapako ku penshoni ya kuntchito nditakwanitsa zaka 55, ndiye ndinamuuza kuti mwananga tenga ukawonjezere, sindikufuna udzandibwezere. Analira pa foni tsiku limenelo.

Vuto nali. Zaka 11 zapitazo ndinalengezedwa bankrupt, ndiye kuti mwalamulo ndinalephera kubweza ngongole zanga. Tinali ndi kabizinesi ndi bambo awo, kanagwa, ukwati nawonso unatha ndipo ngongole zambiri zinali m'dzina langa ndiye zinanditsalira ndekha. Patatha chaka anandimasula, koma ndinapitirizabe kulipira kangachepe mwezi ndi mwezi kwa zaka zitatu monga tinagwirizana ndi a Official Receiver, ofesala wa boma woyang'anira nkhani za bankruptcy. Chichokere pamenepo sindinabwerekenso, ngakhale kirediti khadi ndilibe.

Tsono dzana loya wa mwanayu wanditumizira fomu, akufuna pasipoti, masitetimenti a ku banki, komanso pali mzere wofunsa ngati ndinakhalapo bankrupt. Nditauona mzerewo ndinangotseka laputopu, manja akunjenjemera, ndinakumbuka makalata aja ndinkawabisa pansi pa matiresi osatsegula kuti ana asaone. Chifukwa zoona zake ana anga sadziwa. Wamkuluyu anali ndi zaka 15 nthawi imeneyo, ndinangowauza kuti tikusamukira ku nyumba yaing'ono kuti tikhale pafupi ndi sukulu.

Ndiye funso langa, kodi pali wina angabwere kudzalanda ndalamayi kapena kudzagwira nyumba ya mwana wanga chifukwa cha zakale zanga? Banki ingamukanize mogeji chifukwa cha ine? Mchemwali wanga akuti ndingoitumiza ndalamayo kwa iye kuti zioneke ngati yachokera kwa anti ake, kodi izi zingatheke? Chonde amene munadutsamo ndiuzeni zoona.

Mlonda_wa_usiku

Amayi pepani ndi nkhawayi, koma poyamba pumani kaye mtima ukhale m'malo. Malinga ndi mmene mwafotokozera, nkhani yanu ndi yoyera kuposa mmene mukuganizira.

Ku England ndi Wales munthu akalengezedwa bankrupt, katundu yense amene anali naye tsiku limenelo amapita m'manja mwa trustee, woyang'anira katunduyo kuti alipire ongongoza, amene nthawi zambiri ndi Official Receiver yemweyo, ndipo chilichonse chachikulu chimene chingamugwere asanamasulidwe nachonso trustee atha kuchitenga. Koma akangomasulidwa, zimene kawirikawiri zimachitika zokha pakatha miyezi 12, zimene akupeza kuyambira pamenepo ndi zake. Zija munkalipira zaka zitatu zija ndi Income Payments Agreement, imatha zaka zitatu basi ndipo inu munamaliza. Ndiye malipiro anu a zaka zonsezi, maovataimu aja, palibe amene ali ndi gawo pamenepo, mutha kupatsa aliyense amene mwafuna. Penshoni ya kuntchito yovomerezeka ndi a misonkho nayonso lamulo limaiteteza ku bankruptcy kuyambira mu 2000, ndipo inu mwaitapa patapita zaka zambiri mutamasulidwa kale.

Za mbiri yanu. Pa Individual Insolvency Register, kaundula wa boma wa anthu a bankrupt, dzina limachoka pakatha miyezi itatu munthu atamasulidwa, pokhapokha ngati anamuikira ziletso zapadera zija za Bankruptcy Restrictions Order zimene zimakhala zaka 2 mpaka 15, ndipo izo amapatsa anthu amene anachita zosaona mtima kapena zosasamala, mukanakhala nazo mukanadziwa. Kwa a Experian, Equifax ndi TransUnion, makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu, zimakhala zaka 6. Chokhacho chimene sichifufutika ndi chilengezo cha mu The Gazette, nyuzipepala ya zilengezo za boma, chimenecho chimakhalapobe ndipo munthu wofufuza dzina lanu atha kuchipeza. Ndanena dala izi kuti mudziwe kuti kubisa sikungakuthandizeni.

Nanga bwanji loya akufunsa? Chimene banki imaopa kwenikweni si zakale zanu ayi, ndi zamtsogolo. Mu Insolvency Act ya 1986 muli gawo 339, limene limati munthu akapereka mphatso kenaka n'kudzakhala bankrupt, trustee atha kupita ku khoti kukapempha kuti mphatso ija ibwezedwe. Amayang'ana m'mbuyo zaka 5. Ngati mphatsoyo inaperekedwa mkati mwa zaka ziwiri, safunikanso kuonetsa kuti munthuyo anali atagwa kale nthawi imeneyo, ndipo pakati pa zaka ziwiri ndi zisanu ngati wolandira ndi wachibale, monga mwana, lamulo limayamba ndi kuganiza kuti wopereka anali m'mavuto kale mpaka atasonyeza kuti ayi. Ndiye banki safuna kubwereketsa pa nyumba imene mawa wina adzati dipoziti yake ibwezedwe. N'chifukwa chake amafuna kudziwa ngati panopa muli ndi ngongole zokulemerani, ndipo maloya ena amafufuza dzina la wopereka mphatso mu kaundula wa boma wa Land Charges monga amachitira ndi wogula, ena amakusainitsani kalata yoti mulibe ngongole zimene mukulephera kulipira, ena amauza wogula kuti atenge inshulansi yolipira kamodzi yoteteza banki pa nkhani yomweyi. Inu mwati ngakhale khadi mulibe, ndiye apa muli bwino.

Mogeji ndi ya mwana wanu, amayang'ana malipiro ake ndi mbiri yake, yanu siyolumikizana ndi yake pokhapokha ngati muli ndi akaunti kapena ngongole ya nonse awiri. Banki iliyonse ili ndi malamulo ake pa mphatso, ndiye broker wake, womuthandiza kupeza mogeji, adziwe msanga, koma pa fomupo yankhani kuti inde, lembani chaka, ndipo pemphani a Insolvency Service, nthambi ya boma yoona za bankruptcy, kalata yotsimikiza kuti munamasulidwa muiphatikize. Ine si loya, ndangowerenga zambiri chifukwa inenso ndinadutsa njira yomweyi.

Nachi_K

Anti, za mchemwali wanuzo ayi chonde, musayerekeze n'komwe. Ndikudziwa akunena mwachikondi koma akuikani m'mavuto amene panopa mulibe.

Loya uja sagwirira ntchito mwana wanu yekha, nthawi zambiri amaimiranso banki, ndipo malamulo oletsa kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo amamukakamiza kutsatira ndalama mpaka kumene yachokera. Mchemwali wanu akati ndapereka ndine, adzamufunsa masitetimenti ake, adzaona £20,000 yalowa sabata yatha kuchokera kwa inu, ndiye funso lidzabwerera kwa inu nomwe koma tsopano pali kale bodza losainidwa pa pepala. Kunamiza banki pofuna mogeji ndi mlandu wa chinyengo ndipo dzina la mwana wanu ndi limene lili pa fomu ya ngongoleyo. Taganizani, mtsikana amene sakudziwa kalikonse.

Ine zinandichitikira zazing'ono chabe koma zinatiliza. Pogula yathu bambo anga anatithandiza, koma iwo ndi munthu wosunga ndalama m'nyumba, mu envulopu m'kabati, ndiye anangopita ku banki kukaika zonse tsiku limodzi kenaka n'kunditumizira. Loya wathu anaimitsa zonse. Ankafuna umboni wa kumene kashi imeneyo yachokera, tinakhala pansi pa kapeti usiku wonse ndi bambo tikusanja mapepala a malipiro ndi timalisiti ta ku ATM ta zaka zingapo, iwo akudandaula kuti kodi ndakhala wakuba lero, ogulitsa nyumba naye akuimba foni tsiku ndi tsiku kuti aipereka kwa wina. Zinatenga milungu yambiri. Ndiye inu amene ndalama yanu ili mu akaunti ndipo ikuoneka mmene yakulira mwezi ndi mwezi, ndi kalata ya penshoni ilipo, musaisunthe, isiyeni pomwe ili mpaka loya anene kuti tumizani ndipo ichoke mu akaunti ya dzina lanu.

Mudzasainanso kalata ya mphatso, imangonena kuti ndalamayi si ngongole, simudzafuna kubwezeredwa, ndipo mulibe gawo pa nyumbayo. Muiwerenge bwino chifukwa imatanthauzadi zimenezo.

Bambo_Tsoka_Ayi

Ine ndiyankhula mosiyana pang'ono ndi anzangawa, mundikhululukire mayi. Za malamulo a bankruptcy akuuzani bwino, ndilibe chowonjezera. Koma pali zinthu ziwiri zimene zandikhudza powerenga.

Choyamba ndi inuyo. Mwati £20,000 ndi imene mwasunga, kodi ikachoka mutsala ndi chiyani? Munthu amene anagwapo n'kudzuka ndi maovataimu a usiku, wadutsa zaka 55, mwatapa kale ku penshoni, ndipo mmene ndamvera mukuchita lendi. Thupi likadzakana mashifiti a usiku? Mwezi umodzi wodwala ukhoza kukubwezerani ku makhadi a ngongole, ndipo apo ndi pamene zaka 5 zimene atchula a Mlonda zimayamba kukhala zoopsa, chifukwa mukadzagwanso mphatso yomweyi ndi imene adzaitsatire kwa mwana wanu. Ndiye kusunga kenakake kumbali si kuumira, mukuteteza nyumba ya mwanayo. Ine ndikanakhala inu ndikanapereka £15,000 n'kusunga £5,000, kapena kuwauza adikire miyezi ingapo awonjezere okha. Mudziwenso kuti ngati mungadzafune Universal Credit, thandizo la ndalama la boma kwa opeza zochepa, posachedwa, kapena khonsolo kudzakulipirirani chisamaliro cha ukalamba, amafunsa ngati munapereka chuma dala kuti mutsike pansi pa malire awo, a Universal Credit ndi £16,000 ndipo a chisamaliro ku England ndi £23,250. Munthu wathanzi wogwira ntchito amene akuthandiza mwana kugula nyumba sindikuona kuti angamunene zimenezo, koma sungani makalata onse osonyeza chifukwa chimene munaperekera.

Chachiwiri ndi mnyamatayo. Sindikumudziwa, mwina ndi mwana wabwino kwambiri, koma sanakwatirane. Akagula ngati joint tenants nyumba imakhala ya onse mofanana, akadzasiyana thukuta lanu la usiku lija theka lapita. Auzeni afunse loya za kugula ngati tenants in common, aliyense ndi gawo lake, ndi kulemba declaration of trust, pepala limene limanena kuti nyumba ikadzagulitsidwa ndalama yakutiyakuti iyambe yabwerera kwa mwana wanu kenaka zotsala agawane. Inu simungaikepo dzina lanu chifukwa mwasainira kuti ndi mphatso, koma mwana wanu atha kuteteza gawo lake. Ndinaona mphwanga akutuluka m'nyumba ndi masutikesi awiri, dipoziti inali ya mayi athu, palibe chinalembedwa, mpaka lero mayi akaikumbuka nkhaniyi amangokhala chete.

Za msonkho musavutike nazo kwambiri. Mwana salipira msonkho polandira mphatso ya ndalama. Nkhani ya zaka 7 imene anthu amakonda kunena ndi ya msonkho wa chuma cha masiye, kuti wopereka akamwalira zisanathe zaka 7 mphatsoyo imawerengedwa pa chuma chake, koma msonkhowo umayamba chuma chikapitirira £325,000.

MayiWaAwiri

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo konse ndipo misozi yatuluka koma ya mpumulo. Za mchemwali ndasiya, ndamuimbira kale. A Bambo_Tsoka_Ayi mwandilasa pamtima, zoona ndikanatsala ndi ndalama yosakwana ngakhale lendi ya miyezi iwiri, sindinafune kuziganizira chifukwa ndimangofuna mwana wanga asadzaone zimene ndinaona ine, kusamuka ndi katundu m'mapepala a zinyalala akuda aja.

Koma usiku uno posanja masitetimenti ndapeza china chimene ndinaiwaliratu. Mu ndalamayi muli pafupifupi £2,000 imene inabwera ngati chipukuta misozi cha PPI, inshulansi ija ankaigulitsa limodzi ndi maloni, nthawi ija aliyense ankathamangira tsiku lotseka la mu Ogasiti 2019. Inali ya loni yakale, ndinaitenga ndisanakhale bankrupt. Cheke chinabwera m'dzina langa ndinangokaika ku akaunti yosungira. Kodi imeneyi ili ndi vuto? Poti inabwera nditamasulidwa kalekale.

Mlonda_wa_usiku

Amayi mwachita bwino kuinena, chifukwa iyi yokha ndi yosiyana ndi zina zonse. Apa sayang'ana tsiku limene ndalama yafika, amayang'ana tsiku limene ufulu wopempha ndalamayo unabadwa. PPI anakugulitsani molakwika tsiku limene munkatenga loni ija, ndiye ufulu wodandaula unalipo kale pamene munkalengezedwa bankrupt, ndipo unapita kwa trustee limodzi ndi katundu wina yense. Kumasulidwa kumakuchotserani ngongole koma sikubweza katundu amene anapita kale. N'chimodzimodzi ndi chuma cha masiye, ngati wachibale anamwalira munthu asanamasulidwe, trustee atha kuchitenga ngakhale ndalamayo itafika patapita zaka. Anthu ambiri sankadziwa za PPI zi, mabanki ena ankatumiza ndalama molunjika kwa Official Receiver koma ena cheke chinkangopita kwa mwini dzina monga zinachitikira inu, ndiye musadzione ngati mbava.

Chochita, £2,000 imeneyo ichotseni pa mphatso, ikhale payokha. Lembani kwa a Insolvency Service, perekani nambala ya mlandu wanu wakale ngati mukadali nayo, tsiku limene munatenga loni ndi kalata imene inabwera ndi cheke, iwo akuuzeni ngati akuifuna yonse kapena ayi, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Musanalembe mutha kuyankhula kaye ndi a National Debtline, StepChange kapena Citizens Advice, onsewa ndi aulere ndipo nkhani ngati izi amazidziwa. Zotsalazo, za malipiro ndi penshoni, sizikhudzidwa. Ndipo mukatero mwayandikira kale pa nambala imene a Bambo_Tsoka_Ayi amanena.

Ngati dipoziti iperewera chifukwa cha ichi, funsani mwanayo ngati ali ndi Lifetime ISA, akaunti yosungiramo ndalama imene imathandiza pogula nyumba yoyamba. Amaika mpaka £4,000 pa chaka boma n'kuwonjezera 25 peresenti, koma akaunti iyenera kukhala itatha miyezi 12 chiikireni ndalama yoyamba ndipo nyumba ikhale yoyamba, yosapitirira £450,000. Ngati sanatsegule ndiye pa nyumba iyi sizimuthandiza.

Nachi_K

Anti ndabweranso, pali chimodzi chimene tonse tikuchizungulira. Mwana wanu adzadziwa basi. Loya ndi wake, fomu yanu ikupita mu faelo yake, ndipo ngati pafunika inshulansi ija kapena kuuza banki, adzamutumizira imelo iyeyo yofotokoza chifukwa chake. Ine ndikanakhala mwana wanu sindikanafuna kuimva nkhani imeneyi kwa munthu wachilendo pa imelo ndili ku ntchito. Ndikanafuna kuimva kwa mayi anga titakhala pansi.

Ndipo ndikuuzeni monga mwana wa munthu, pa zaka 15 timaona zambiri kuposa mmene makolo mumaganizira. Ine ndinkadziwa nthawi imene kunyumba kunalibe ndalama ngakhale bambo ankaseka ngati zonse zili bwino, ndinkaona mmene ankasinthira nkhope positi ikagwa pakhomo. Mwina mwana wanu anaona makalata aja kalekale ndipo anangokusungirani ulemu. Chimene sakudziwa ndi choti munalipira zaka zitatu osaphonya, n'kuyambanso pa ziro, n'kusunga mpaka kufika pomupatsa dipoziti. Muuzeni zimenezonso.

MayiWaAwiri

Mwana wanga Nachi, zikomo. Ndalemba kale kalata ya ku Insolvency Service, ndiitumiza mawa ndikaweruka, nambala ya mlandu ndaipeza mu bokosi la nsapato momwe ndimasunga mapepala a sukulu a ana. Ndaganiza zopereka £14,000, ya PPI ikhale pambali kudikira yankho, yotsalayo ikhale yanga. Fomu ya loya sindinaibweze, ndamulembera kuti andipatse mpaka Lolemba.

Mwanayu ndamuitana Lamlungu masana, yekha, ndamuuza kuti mnyamata uja abwere ulendo wina. Anafunsa kuti mami kwagwanji, mukudwala? Ndati ayi ndili bwino, pali nkhani yakale imene ndikufuna uimve kwa ine, ndipo ubwere ndi mapepala a loya aja tikaonere limodzi za declaration of trust. Mng'ono wake ndidzamuuza pambuyo pake, mmodzimmodzi, awiri nthawi imodzi sindingathe.